Aphunzitsi Abwino Akuchokeranji M'makoleji Omwe Si Aboma?

Lolemba loyamba la teremu ambiri a ife timathamangira pabolodi la zidziwitso kukaona ndandanda wa maphunziro. Maola timawadziwa kale. Chimene timakayang'ana ndi mayina, kuti ndani wabwerera ndipo ndani sanabwerere.

Ena mwa ife tisanafike pano tinayamba taphunzirako pakoleji ina yosula aphunzitsi, yomwe si ya boma. Dzina lake tilisunga. Pakolejipo panali mayi wina wophunzitsa kaphunzitsidwe ka masamu m'makalasi a ana aang'ono. Mayiwa ankalowa m'kalasi atanyamula katoni ya zitsekerero za mabotolo, nthanga za bwemba ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, ndipo ankatiuza kuti mwana wa Sitandade 2 ayambe waigwira nambala m'manja asanaione pabolodi. Kunena zoona, enafe tinadzamvetsa m'kalasi mwawo, tili ndi ndevu kale, chifukwa chimene timabwerekera kunambala yoyandikana pochotsera. Teremu ina titafika pabolodi tinapeza dzina lawo litakhwatchidwa ndi bolopeni, ndipo pambali pake panalibe lina. Tinakhala masabata atatu opanda wotiphunzitsa masamu.

Tinawadandaula, koma tinawakwiyiranso pang'ono poganiza kuti atsata ndalama. Patapita miyezi ingapo mnzathu wina anakumana nawo pokwerera minibasi ku Limbe, ndipo anamufotokozera bwinobwino. Kumene anapita malipiro sanasiyane kwenikweni ndi akale. Koma pakolejipo anagwira zaka zinayi pa kontilakiti ya chaka chimodzichimodzi, moti Disembala aliyense ankatsekera sukulu osadziwa ngati Januwale adzaitanidwanso. Kawiri konse analemba kalata yopempha tchuthi chokawonjezera maphunziro, makalatawo sanayankhidwe. Ndiye mpando wa mkulu wa dipatimenti utapezeka, sunalengezedwe. Anangomva pamsonkhano wa aphunzitsi kuti wapatsidwa kwa bambo wina amene anali asanathe ndi chaka chomwe pakolejipo. Sabata yotsatira anayamba kulemba makalata ofunsira ntchito kwina.

Nkhani ya mayiwa ndi imene yatichititsa kulemba. Ife tikuona kuti makoleji omwe si aboma akutaya aphunzitsi awo aluso makamaka chifukwa cha momwe amalembera anthu ntchito, momwe amawasungira ndi momwe amawakwezera, ndiponso kuti zambiri mwa zimenezi zingakonzeke popanda kuwonjezera khobidi pa fizi yathu.

Mphunzitsi wa pakoleji yauphunzitsi akachoka, otaya si ife tokha amene timakhala m'kalasi mwake. Tiyerekeze kalasi ya ophunzira 40. Aliyense akamaliza amakapatsidwa kalasi yake kupulaimale, ndipo ngakhale cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, tonse tikudziwa kuti makalasi a ana 80 kapena kuposa apo si achilendo. Ndiye kuti zimene ophunzira 40 aja anamva, kapena sanamve, zimakafika kwa ana oposa 3,000 m'chaka chimodzi chokha. Anawo sadzafunsa kuti aphunzitsi awo anasulidwa kuti. Adzangodziwa kuchotsera, kapena sadzadziwa.

Tisaiwalenso kuti kusula aphunzitsi m'dziko muno sikunayambe ndi boma. Robert Laws anayambitsa Overtoun Institution ku Livingstonia mu 1894, ndipo kumeneko kunkatuluka aphunzitsi a masukulu a m'midzi. Mishoni ya Malamulo ku Thyolo, imene inayamba mu 1902, nayonso inasula aphunzitsi kwa zaka zambiri. Boma la atsamunda linadzakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, mamishoni atapita kale patali. Mu 1994 pulaimale itakhala yaulere, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzitsidwa ntchito. Kuyambira pamenepo dziko lakhala likuthamangitsana ndi kuchepa kwa aphunzitsi, poyamba kudzera mu pulogalamu ya MIITEP, kenako IPTE kuyambira 2005. Makoleji aboma monga a ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre, Machinga, Chiradzulu ndi Phalombe sakanatha okha. Pambali pawo pali a DAPP ku Chilangoma, Amalika, Dowa ndi Mzimba, pali Loudon ku Embangweni, Maryam ku Mangochi, ndi ena, osawerengera mayunivesite a mipingo amene amasula aphunzitsi a sekondale. Tawatchula kuti tione kukula kwa gawo lawo, osati poloza chala aliyense wa iwo.

Mukafunsa akuluakulu a makoleji otere chifukwa chimene aphunzitsi amachokera, yankho limakhala lofanana: ndalama. Ndipo sakunama. Koleji yomwe si ya boma imadalira fizi, ndipo fiziyo imachokera kwa makolo amene akudikira kugulitsa soya kapena nandolo. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, fizi inaima, ndipo aphunzitsi ambiri m'masukulu omwe si aboma anakhala miyezi osalandira kanthu pamene anzawo aboma ankalandirabe. Kwacha inatsika ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo malipiro amene ankagula matumba a feteleza anayamba kuthera pa sopo ndi mchere. Palibe koleji ya mpingo imene ingapikisane ndi mabungwe akuluakulu a ku Lilongwe, olipira bwino ndi kupereka galimoto yoyendera. Zimenezi timazivomereza.

Koma ndalama zikadakhala chifukwa chokhacho, bwenzi makoleji onse osauka akutaya aphunzitsi mofanana. Si mmene ziliri. Pali malo ena pamene malipiro ndi ochepa koma mumapeza aphunzitsi omwewo kwa zaka khumi, ndipo pali ena olipirako bwino pamene nkhope zimasintha teremu iliyonse. Ife amene tikuphunzira za kayendetsedwe ka sukulu tinakumanapo ndi dzina la Frederick Herzberg. Mu 1959 iye ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atacheza ndi mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a m'dera la Pittsburgh ku America. Anaona kuti zimene zimamukhumudwitsa munthu pantchito n'zosiyana ndi zimene zimamusangalatsa. Chokhumudwitsa chimene chinatchulidwa kwambiri chinali malamulo ndi kayendetsedwe ka kampani, pamene zosangalatsa zinali kuona ntchito ikutheka, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo ndi kukwera. Pittsburgh si Ntcheu, ndipo munthu amene walephera kulipira lendi sangakhute ndi kuyamikiridwa. Komabe mayi wa masamu aja akanawerenga zimenezi akanaona nkhani yawo.

Tiyambire pakhomo lolowera. Ntchito ikapezeka, ndi kangati pamene imalengezedwa poyera, munyuzipepala kapena patsamba la koleji pa intaneti, ndi kunena maphunziro ofunika ndi tsiku lomaliza? Nthawi zambiri uthenga umayenda pa WhatsApp pakati pa odziwana, ndipo pofika tsiku la intavyu aliyense akudziwa kale mwini ntchito. Uyu ndi mphwake wa membala wa bodi, uyo ndi wakumudzi kwa akuluakulu. Kuipa kwake sikuthera pa munthu amene walowayo, chifukwa mwina iyeyo ndi wodziwa ntchito ndithu. Chimene chimaonongeka ndi mitima ya amene ali kale m'katimo. Amaona kuti pano khama silifikitsa patali, chofunika ndi kudziwika. Waulesi amakhala chifukwa alibe kopita. Waluso, amene makalata ake amayankhidwa kulikonse, ndiye amanyamuka.

Ndiponso intavyu yake imakhala yotani? Munthu wodzaphunzitsa kaphunzitsidwe ka kuwerenga amafunsidwa mafunso patebulo kwa mphindi 20, n'kuona masatifiketi, basi. Bwanji osamupatsa choko ndi kalasi kuti aphunzitse phunziro limodzi, ophunzira anenepo zimene amva? Bwanji osamufunsa ngati anaimapo pamaso pa ana a Sitandade 1 okwana 100, ena akulira, ena akupempha kupita panja? Digiri ndi yofunika, ndipo ife tomwe tikuifunafuna usiku ndi usana. Koma taphunzitsidwapo ndi anthu a mapepala abwino amene sanalembepo sikimu ya pulaimale chibadwire, ndipo zimadziwika tsiku loyamba lomwe.

Pano tisazembe nkhani ya mpingo. Koleji ya mpingo ili ndi ufulu wofuna antchito olemekeza chikhulupiriro chake ndi khalidwe lake, kuphatikizapo tsiku la Sabata kwa ife. Zimenezo zilembedwe poyera pachilengezo, wofunsira ntchito adziwiretu. Koma kalata ya abusa imatiuza za khalidwe la munthu, siitiuza ngati amadziwa kuphunzitsa sayansi. Mafunso awiriwa afunsidwe onse, lililonse palokha. Mawu akuti "ndi wathu" akakhala okwanira kupezera ntchito, timanyoza ngakhale a mpingo wathu amene anakhetsa thukuta kuti aidziwe ntchitoyo.

Munthu akalowa, chotsatira ndi pepala. Pano ndi pamene makoleji ambiri amapunthwa, chonsecho malamulo a dziko ndi omveka. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limanena kuti wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni. Limanenanso kuti nthawi yoyesedwa ya wantchito waluso isapitirire miyezi 12. Ndipo pali mfundo ina imene ambiri saidziwa: ngati kontilakiti ya nthawi yoikika ikugwiritsidwa ntchito podzaza mpando umene ndi wokhazikika pantchito za tsiku ndi tsiku za malowo, lamulo limaiona ngati ntchito yopanda malire a nthawi. Kodi pakoleji yauphunzitsi pali mpando wokhazikika woposa wa mphunzitsi wa masamu? Masamu adzatha chaka chamawa?

Akuluakulu amakonda makontilakiti afupiafupi chifukwa amati sakudziwa kuti chaka chamawa kudzabwera ophunzira angati. Mantha amenewo ndi omveka. Koma taganizani za moyo wa munthu wa kontilakiti ya chaka chimodzi. Kubanki savomera msanga kumupatsa ngongole yomangira nyumba. Sangasamutse banja lake kuchoka kumene likukhala, ndiye Lachisanu lililonse mtima uli paulendo. Sangatsutse chilichonse pamsonkhano, poopa kuti Disembala akubwera. Munthu wotere amakhala ngati mlendo, chikwama chili chomangamanga pakhomo. Boma likangolengeza ntchito, ngakhale ya malipiro ofanana, amapita, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Penshoni ndi nkhani inanso. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza wolemba ntchito kuikira wantchito wake ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito n'kuikapo 5 peresenti. Banki yaikulu ya dziko lino yakhala ikudandaula kuti olemba ntchito ambiri amadula ndalamazi koma osazitumiza. Mphunzitsi akafunsa kukampani ya penshoni n'kupeza kuti zimene zinadulidwa pamalipiro ake sizinafike, chikhulupiriro chake pa akuluakulu chimatha tsiku lomwelo, ndipo sichibwerera ndi phwando la kumapeto kwa chaka. N'chimodzimodzi tsiku la malipiro. Munthu angapirire malipiro ochepa ofika pa 27 mwezi uliwonse kusiyana ndi ochulukirapo amene mwezi uno afika pa 25, mwezi wamawa pa 12 wa mwezi winawo, popanda ndi mmodzi yemwe wofotokoza. Eni nyumba ya lendi sadikira.

Pali mawu amodzi amene timawakonda m'masukulu a mpingo, ndipo ndi mawu abwino: utumiki. Tikudziwa anthu amene anakana ntchito zonona kuti akhale pamishoni, ndipo ena mwa ife tili pano chifukwa cha anthu otero. Koma taona kuti mawuwa nthawi zina amatuluka pa nthawi yokayikitsa. Amatuluka malipiro akachedwa. Amatuluka wina akafunsa kalata yake ya ntchito, kapena mayi akafunsa za masabata 8 a tchuthi cha uchembere amene lamulo limamupatsa. "Kuno ndi kuutumiki, abale," nkhani n'kuthera pomwepo. Kudzipereka kumachokera kwa mwini wake. Wina akakuperekera popanda kukufunsa, chimenecho chili ndi dzina lina. Ndipo chimene chimachitika n'chakuti mphunzitsi amaopa kutchedwa wokonda ndalama kapena wozirala muuzimu, ndiye amangokhala chete, amaimba nawo nyimbo pamapemphero a m'mawa, kwinaku akutumiza makalata. Tsiku limene akutsanzika akuluakulu amadabwa moona mtima, amati sanadandaulepo. Anadandaula ndithu, kungoti anayankhidwa ndi ulaliki.

Nanga za kupita patsogolo? Mphunzitsi wa pakoleji amafuna kuwonjezera maphunziro, ndipo koleji yomwe imafuna zimenezo, chifukwa bungwe la NCHE likamayendera sukulu za ukachenjede limayang'ananso maphunziro a aphunzitsi. Koma pempho la tchuthi likafika patebulo, mantha ake amakhala akuti tikamulola akatenge masitazi, adzathawa. Ena amathawadi. Mankhwala ake alipo kale: mgwirizano wolembedwa woti akabwerera adzagwira zaka zakutizakuti, zogwirizana ndi thandizo limene walandira. Ngakhale koleji ilibe ndalama zomulipirira, ikhoza kumuchepetsera maola, kapena kumukonzera ndandanda kuti Lachisanu akhale womasuka. Chimene sichingakhululukidwe ndi kusayankha kalata. Kukana ndi kufotokoza chifukwa kuli bwino, munthu amadziwa poima.

Kukwezedwa nakonso kukhale ndi njira yodziwika. Zaka zingati, maphunziro ati, ntchito yotani, ndani amagamula. Tsamba limodzi lokha lomata muofesi ya aphunzitsi lingachotse miseche yambiri.

Mphunzitsi wokhazikika akachoka, malo ake amadzazidwa ndi waganyu, kawirikawiri wochokera kusekondale yapafupi, wobwera Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo. Sitikuwanyoza aganyu, ena ndi odziwa kwambiri. Koma amalipidwa pa ola, ndipo ola likatha amathamangira kabaza. Simungawapeze muofesi kuti akuonereni chikonzero cha phunziro. Kumene aja anatichokera mayi wa masamu, katoni yawo ya zitsekerero inakhala mukabati teremu yonse osatsegulidwa, chifukwa wobwerayo analibe nthawi yoti n'kufunsa kuti muli chiyani. Vuto limakula kwambiri nthawi yokayeserera kuphunzitsa, imene tonse timangoitcha TP. Wophunzira ali pasukulu ya kutali, njinga ndiye mayendedwe, akudikira womuyendera. Wobwerayo ndi munthu amene sanamuonepo m'kalasi, sakudziwa kuti anayambira pati ndipo chimamuvuta n'chiyani. Amakhala kumbuyo mphindi 35, n'kulemba malikisi, n'kupita. Aphunzitsi otsala pakoleji nawo amasenza makalasi a amene achoka, mpaka nawonso atatopa. Kuchoka kwa mmodzi kumakoka wachiwiri.

Wina anganene kuti anthu amachoka basi, ngakhale muwasamale bwanji. N'zoona, ndipo si kuchoka konse kumene kuli koipa. Wina amatsatira banja, wina waitanidwa kuudindo waukulu, ndipo koleji iyenera kunyadira kuti inakulitsa munthu wofunidwa. Koma kodi wochokayo amafunsidwa chifukwa chake? M'malo ambiri amangopereka makiyi ndi mabuku a kulaibulale, ena amatsanzikidwa ndi nkhope zokwinya ngati apandukira. Kukhala naye pansi kwa theka la ola, makamaka ndi munthu amene sanali bwana wake, n'kulemba zimene wanena, sikufuna bajeti. Bodi itawerenga mayankho a anthu asanu otsatizana, ingapeze kuti onse akutchula chinthu chimodzi. Ndiponso wochoka bwino amabwerera, kapena amatumiza mnzake waluso. Madzi saiwala khwawa.

Ifenso ophunzira tili ndi mlandu wathu. Fizi tikaichedwetsa dala, ndalama titagulira foni, malipiro a aphunzitsi amachedwa nawo. Mafomu oyesa aphunzitsi a kumapeto kwa teremu timawadzaza mwachibwana, kapena kubwezerapo chipongwe kwa amene anatipatsa malikisi ochepa, ndiye akuluakulu amasowa podziwira kuti waluso ndani. Ndipo ndi angati mwa ife amene anapitapo kuofesi kukanena kuti aphunzitsi akutiakuti akutithandiza, muwasunge? Timakumbuka kuyamikira tikaona dzina litakhwatchidwa. Posachedwa enafe tidzakhala ahedi, ena tidzatsegula masukulu athu, ndipo chiyeso cholemba mlamu wathu ndi kuchedwetsa kalata ya wina chidzatipeza ifenso.

Inu makolo ndi abale a mumpingo, makoleji amenewa ndi anu. Ndinu amene mumatumizako ana, mumasonkha pomanga, ndipo ena mwa inu mumakhala m'mabodi kapena mumasankha okhalamo. Akuluakulu a koleji akabwera kudzapereka lipoti pamsonkhano, amatiuza za ophunzira amene alembetsa, amene akhoza mayeso ndi hositelo yatsopano, ife n'kuomba m'manja. Ulendo uno tifunsenso, mwaulemu koma momveka, kuti mwa aphunzitsi amene analipo zaka zitatu zapitazo atsala angati, ndi angati ali pa kontilakiti ya chaka chimodzi kapena paganyu, ndi mipando ingati imene inalengezedwa poyera isanadzazidwe, ndipo ndalama za penshoni zatumizidwa mpaka mwezi uti. Ngati mayankho sanakonzedwe tsiku limenelo, tipemphe kuti adzabwere olembedwa pamsonkhano wotsatira, ndipo alembi alembe m'maminitsi kuti tafunsa.